Mankhwala a khunyu akakuvutani, chitani izi musanaganize zowasiya

Anthu ambiri amene amasiya mankhwala a khunyu amakhala ndi zifukwa zomveka. Wina mapiritsi akumugoneka pa geni mumsika wa Limbe mpaka ogula kumangomudutsa. Wina mwana wake wasintha, sakhazikika, wayamba ndewu kusukulu. Wina wanenepa, tsitsi likuthothoka. Mayi wina wamva kuti mankhwalawa amapundula mwana m'mimba, ndiye atangozindikira kuti waima, wakataya onse m'chimbudzi. Zonsezi zimachitikadi, ndipo amene amangouza wodwala kuti "pirirani" osamumvetsera amalakwa. Koma pa njira zonse zimene munthu angasankhe, kusiya mapiritsi lero ndi lero ndiye yoopsa kwambiri. Ubongo umene unazolowera mankhwala ukawasowa mwadzidzidzi, munthu amatha kugwa mobwerezabwereza osatsitsimuka, ndipo kugwa kotereku kumapha. Mankhwala okuvutani amasinthidwa: achipatala amatha kuchepetsa mlingo, kusuntha nthawi yomwera, kapena kukupatsani mtundu wina pang'onopang'ono.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo mwa 10 alionse, mpaka 7 angathe kukhala osagwa atapeza mankhwala oyenera n'kumamwa bwino. Nthawi zambiri gwero lake ndi chipsera mu ubongo: mwana kubanika pobadwa, matenda oumitsa khosi, kuvulala mutu pa ngozi ya njinga yamoto, sitiroko, mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba akakafika ku ubongo, kapena malungo aakulu. Kafukufuku amene anachitikira pa chipatala cha Gulupu (Queen Elizabeth) mu Blantyre muno, n'kutuluka mu 2010, anatsatira ana 132 amene anapulumuka malungo a mu ubongo, ndipo 12 mwa iwo anadzayamba khunyu. Kwa anthu ena gwero silipezeka n'komwe. Mapiritsi safufuta chipseracho, amangoletsa ubongo kuti usasokonezeke, n'chifukwa chake amamwedwa zaka, osati masiku atatu ngati LA.

Choyamba, dziwani dzina la mankhwala anu

"Toyera tating'ono tija" si dzina. M'zipatala zathu mumapezeka kawirikawiri mitundu inayi: phenobarbitone, carbamazepine, sodium valproate ndi phenytoin. Ena ochepa amamwa levetiracetam kapena lamotrigine. Pemphani adokotala kapena wa pawindo la mankhwala akulembereni dzinalo ndi zilembo zikuluzikulu patsamba loyamba la buku lanu la kuchipatala, pamodzi ndi mamiligalamu ake. Phenobarbitone amabwera kawirikawiri wa 30 mg, carbamazepine ndi valproate a 200 mg, phenytoin wa 100 mg, koma makampani amasiyana, ndipo piritsi la mwezi uno likhoza kusiyana maonekedwe kapena mphamvu ndi la mwezi watha. Mukaona kasintha, funsani musanachoke pawindopo. Tsambalo mulijambulenso pa foni, chifukwa mabuku amanyowa ndi mvula, amatayika mu minibasi.

Kenako khazikitsani nthawi

Mankhwala m'magazi ali ngati madzi mu ndowa yodontha: mukapanda kuthiramo pa nthawi yake, amatsika, ndipo akatsika munthu amagwa. Mangirirani kumwa kwanu pa chinthu chimene simuphonya, monga tiyi wa m'mawa ndi nsima ya madzulo, ndipo tcherani alamu pa foni. Phenobarbitone nthawi zambiri amamwedwa kamodzi, usiku pogona, kuti tulo take tithere pamphasa. Ngati mwakhala mukumwa m'mawa ndipo mukuwodzera tsiku lonse, funsani ngati mungasunthire kumadzulo. Kusintha kochepa kumeneku kwathandiza anthu ambiri. Carbamazepine ndi valproate amagawidwa kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo kumwera pa chakudya kumachepetsa nseru.

Mukaiwala n'kukumbukira patangodutsa maola ochepa, imwani pomwepo. Ngati nthawi ya ena yayandikira, adumpheni oiwalikawo, musaphatikize. Mukasanza mutangomwa kumene ndipo piritsi mwaliona m'masanzimo, imwani lina. Kutsegula m'mimba ndi kusanza kukapitirira tsiku, pitani kuchipatala, chifukwa mankhwala sakukhazikika m'thupi.

Amene mumasala kudya, kaya pa Ramadan kaya pa mapemphero a kutchalitchi, kambiranani ndi achipatala kusala kusanayambe. Pemphero ndi piritsi sizilimbana. Munthu akakuuzani kuti mutaye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, kapena asing'anga akati musasakanize ndi awo, ameneyo sadzakhalapo usiku umene mudzagwe osadzuka.

Siyanitsani zovuta zodikira ndi zothamangira

Apa m'pamene pagona nkhani, choncho ndichedwapo.

Pali zovuta zimene zimabwera masabata oyamba n'kumachepa thupi likazolowera: tulo, chizungulire, nseru, kulemera mutu, kuona zinthu ziwiriziwiri makamaka pa carbamazepine. N'chifukwa chake achipatala amayamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono. M'masiku amenewa musakwere padenga, musapalase njinga mumsewu waukulu. Zikapitirira mwezi osachepa, kapena zikabwera mlingo utangokwezedwa, munthu n'kumayenda dzandidzandi ngati woledzera, lilime lolemera, maso akugwedezeka, ndiye kuti mlingowo wachuluka. Musadikire tsiku lanu, pitani sabata yomweyo akauonenso.

Pali zina zobwera mwakachetechete zimene muyenera kukanena pa tsiku lanu la kuchipatala, ngakhale asanakufunseni. Phenobarbitone amagoneka akuluakulu, koma ana ena amawachita zosiyana: mwana amasanduka wosakhazikika, waukali, wosamva, ndipo kusukulu amayamba kutsalira. Makolo ambiri amafika pomukwapula poganiza kuti ndi mwano. Chonde, musanatenge kamtengo, kumbukirani kuti khalidweli linayamba liti, ndipo funsani aphunzitsi zimene akuona m'kalasi. Phenytoin amatupitsa nkhama mpaka kuyamba kukwirira mano, amameretsanso ubweya kumaso ndi m'mikono. Kutsuka mano bwino kawiri pa tsiku kumachepetsa vuto la nkhamalo. Valproate amanenepetsa, amathothola tsitsi, amanjenjemeretsa manja, ndipo kwa amayi ena amasokoneza msambo. Levetiracetam amapangitsa ena kupsa mtima msanga. Mitundu ina imafoola mafupa ikamwedwa zaka zambiri, ndipo amuna ena amadandaula kuti mphamvu za kuchipinda zachepa. Zomalizazi anthu amachita nazo manyazi n'kungosiya mankhwala mwakachetechete, pamene dokotala akanatha kuthandiza. Chimodzimodzi kukhumudwa: mukaona kuti palibe chikukusangalatsani, kapena maganizo odzipha akubwera, nenani msanga. Matenda a maganizo amayenda kawirikawiri ndi khunyu, ndipo ali ndi chithandizo.

Tsopano zothamangira, zosadikira kuti kuche. Chachikulu ndi zotupa pakhungu. Carbamazepine, phenytoin, phenobarbitone ndi lamotrigine onse amatha kuyambitsa matenda oopsa a khungu, makamaka m'miyezi iwiri yoyamba. Zimayamba ngati chimfine, thupi kutentha, kenako totupa tofiira, zilonda m'kamwa ndi m'milomo, maso kufiira, nthawi zina zilonda kumaliseche, ndipo khungu limatha kutuluka matuza n'kuyamba kusupuka. Pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka msanga, choncho yang'anani m'kamwa, m'maso ndi m'zikhatho. Apa pokha ndi pamene simumwa piritsi lotsatira musanaonane ndi dokotala, koma kuonanako kukhale tsiku lomwelo, kuti akuikeni pa mankhwala ena oteteza kugwa. Musapake mafuta kapena zitsamba n'kumayembekezera. Pambuyo pake dzina la mankhwalawo lilembedwe pachikuto cha buku lanu kuti wina asadzakupatseninso.

Thamanganinso mukaona maso achikasu, mkodzo woderako ngati tiyi, kusanza kosalekeza kapena kupweteka kwambiri kwa m'mimba. Pa valproate izi zimatha kusonyeza kuti chiwindi kapena kapamba wavulala, ndipo zimaopsa kwambiri ana osakwana zaka 3 komanso m'miyezi 6 yoyamba. Kutentha thupi kophatikiza ndi zilonda za pakhosi, kutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno, ndi mikwingwirima yosadziwika chiyambi, ndi zizindikiro zoti magazi ayezedwe msanga. Agogo amene ali pa carbamazepine akayamba kusokonezeka mutu ndi kufooka, mwina mchere wa m'magazi watsika.

Amayi ndi atsikana, konzekerani mimba isanabwere

Pa mankhwala onsewa, valproate ndiye woopsa kwambiri kwa mwana wosabadwa. Mwa ana 10 obadwa kwa amayi amene ankamwa valproate ali oyembekezera, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi chilema, monga msana wosatsekeka, pamene kwa amayi ena onse ndi ana 2 kapena 3 pa 100. Enanso 3 kapena 4 pa 10 amadzachedwa kuyankhula kapena kuvutika kuphunzira. Msana wa mwana umatsekeka m'mwezi woyamba, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima, n'chifukwa chake nkhaniyi iyenera kukambidwa mtsikana akangotha msinkhu, osati kusikelo. Amayi, azakhali, musaope kuifunsa pamaso pa dokotala.

Ngati mukufuna mwana, pitani ndi bambo a kunyumba miyezi ingapo musanasiye kulera. Dokotala aona ngati mankhwala angasinthidwe, apeza mlingo wochepa umene ukugwirabe ntchito, ndipo akuyambitsani mapiritsi a vitamini wotchedwa folic acid. Mukapezeka kuti mwaima kale, musasiye mankhwala, pitani sabata yomweyo. Kugwa muli ndi pakati kumavulaza inu ndi mwana yemwe. Amayi ambiri a khunyu amabereka ana abwinobwino. Kaberekereni kuchipatala, ndipo azamba adziwe mankhwala anu kuyambira tsiku loyamba la sikelo. Woyembekezera aliyense akagwa n'kumaphupha apite kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale ali wa khunyu kale, chifukwa kuthamanga kwa magazi nakonso kumagwetsa. Kuyamwitsa n'kololedwa, koma ngati muli pa phenobarbitone, muzingoona kuti khanda silikugona mopitirira mpaka kulephera kuyamwa.

Za kulera zili ndi msampha wake. Carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, choncho mapiritsi olera ndi njira ya pamkono, monga Jadelle ndi Implanon, zimachepa mphamvu, mayi n'kutenga mimba akulera. Jakisoni wa Depo ndi lupu sizisokonezeka chotero. Muuzeni namwino wa zakulera dzina la mankhwala anu asanakusankhireni njira.

Ma ARV ndi mankhwala ena

Kuyambira mu 2019 anthu ambiri m'Malawi muno anasinthidwira ku ma ARV okhala ndi dolutegravir. Mitundu itatu yomwe ija, carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone, imatsitsa dolutegravir m'magazi, ndipo kachilombo kamatha kuyambanso kuchulukana munthu akumwa mokhulupirika. Vuto limabwera chifukwa ambiri amalandira ma ARV pa khomo lina, a khunyu pa khomo lina, ena ndi mabuku awiri osiyana. Onetsani mbali zonse ziwiri zimene mukumwa. Achipatala amatha kuwonjezera piritsi la dolutegravir kapena kusintha mankhwala a khunyuwo. Chitani chimodzimodzi mukayamba mankhwala a TB, a malungo kapena a BP. Mapiritsi a pamsika, aja amakhala padzuwa tsiku lonse, asiyeni. Mukafuna kugula, gulani ku famase yovomerezeka mutanyamula buku lanu.

Tsiku la kuchipatala

Poyambira ndi chipatala chaching'ono cha kwanu, kaya ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni, Limbe kapena South Lunzu. Zikavuta, iwo ndi amene amakutumizani ku Gulupu. Mzere umakhala wautali ndipo mphindi zanu ndi dokotala n'zochepa, ndiye pitani mutakonzeka. Sungani kope laling'ono lolembamo tsiku limene mwagwa, nthawi yake, kutalika kwake, ndi zimene zinachitika dzulo lake: kodi munaiwala mankhwala, munachezera, munamwa mowa, munali kumwezi, munali ndi malungo? Wodwala sakumbukira mmene anagwera, choncho tengani munthu amene anaona. Ngati pakhomo pali foni ya kamera, mmodzi azithandiza wodwala, wina ajambule. Kanema wa masekondi 30 amauza dokotala zambiri, chifukwa khunyu ili mitundumitundu ndipo mankhwala othandiza mtundu wina amatha kukulitsa wina. Si onse amagwa pansi: ena amangoti duu kuyang'ana kumodzi, ena amatafuna pakamwa n'kumatolatola zovala osadziwa. Kanemayo ndi wa dokotala, asapite pa WhatsApp.

Nenani zoona ngati munadumphitsa masiku. Mukabisa, dokotala aganiza kuti mlingo wachepa n'kuukweza, zovuta zija n'kuwonjezeka.

Mankhwala nthawi zina amatha m'zipatala. Musadikire piritsi lomaliza. Pitani mukadali ndi a sabata imodzi, kuti mukauzidwa kuti palibe mukhale ndi mpata woyesa kwina kapena wopeza ndalama yogulira. Pemphani akulembereni pepala logulira ku famase. Akakupatsani mtundu wina m'malo mwa wanu, funsani mmene musinthire, chifukwa mapiritsi awiri a mtundu uwu safanana ndi awiri a mtundu uwo. Musabwereke a mnansi ngakhale nayenso ali wa khunyu. Popita kumudzi, kumaliro kapena ku geni ya ku Joni, mankhwala alowe m'chikwama choyamba, okwanira ndi masiku owonjezera.

Konzani pakhomo

Moto ndi madzi ndi zimene zimavulaza anthu a khunyu kuposa kugwa kwenikweniko. Wodi ya opsa ku Gulupu imalandira anthu amene anagwera pa mbaula kapena pa mafuwa, ndipo ngozi yake imakula mu June ndi July, chiperoni chikagwa, aliyense atazinga moto. Khalani patali ndi mbaula ndipo muphike pali munthu wina. Musanyamule mphika wa madzi owira kapena phala. Tengani mbale kupita nazo ku mphika. Magetsi akazima, tochi ilowe m'malo mwa kandulo. Mayi asaphike mwana ali kumsana, ndipo posintha thewera kapena poyamwitsa akhale pansi pamphasa. Ena amanena kuti munthu wa khunyu akapsa ndi moto sachiranso. Zimenezo n'zabodza, mankhwala amagwira ntchito chimodzimodzi.

Madzi ochepa a m'beseni ndi okwanira kumiza munthu wokomoka. Sambani ndi kapu kuchokera mu ndowa, chitseko cha bafa chosakhoma, wina akudziwa kuti mwalowa. Kuchapa ku Mudi, ku Nasolo kapena ku Likhubula, ndi kutunga pa chitsime chosavindikira, musapite nokha.

Kusagona kumagwetsa anthu ambiri amene mankhwala anali atawagwira bwino. Pamaliro pepesani, khalani nawo madzulo, koma kagoneni. Achibale omvetsa sangakuimbeni mlandu. Mapemphero ochezera ndi ntchito ya ulonda wa usiku zili chimodzimodzi, ndipo ngati n'kotheka pemphani abwana akuikeni masana. Mowa, kaya kachasu kaya Chibuku, umawonjezera tulo ta mankhwala, umaiwalitsa kumwa, ndipo kugwa kumakonda kubwera m'mawa wa matsire. Gonani mu neti, ndipo thupi likatentha kayezetseni malungo tsiku lomwelo. Za kuyendetsa galimoto, minibasi kapena kabaza, ndinene mosabisa: ngati mukugwabe, siyani mpaka dokotala atakulolani. Ndikudziwa kuti kwa ena pamenepo ndiye podyera, ndipo n'zowawa, koma pa chiwongolero pamakhalanso miyoyo ya ana a eni.

Kupatula zimenezi, moyo upitirire. Mwana apite kusukulu, asewere mpira, aphunzitsi angodziwa chochita. Wamkulu agwire ntchito, akwatire, adye mbale imodzi ndi anzake.

Phunzitsani anthu okuzungulirani

Inu mukagwa simungadzithandize, choncho a pakhomo, anzanu a pa geni ndi aphunzitsi adziwiretu izi. Khunyu sipatsirana: malovu, thovu, mkodzo kapena mpweya wa wodwala sizingadwalitse munthu, ndiye palibe chifukwa chothawira. Achotse moto, miyala ndi mipando pafupi, apinde chitenje n'kuika kumutu, amasule batani la pakhosi, ayang'ane nthawi pa foni. Asamupanikize kuti asiye kuphupha. Asaike supuni, chala kapena kamtengo m'kamwa. Munthu sameza lilime lake, koma supuni imathyola mano. Asamuthire madzi, asamumwetse kanthu, asamufukize utsi. Kuphupha kukangochepa amugoneke cham'mbali kuti malovu atuluke, am'funde ngati wadzikodzera, abalalitse anthu oonerera, ndipo akhale naye mpaka nzeru zitabwerera. Amadzuka wotopa, wosokonezeka, nthawi zina waukali. Muyankhuleni modekha, muuzeni kumene ali.

Nthawi zambiri kugwa kumatha kokha pasanathe mphindi 2 kapena 3, ndipo sikofunika kuchipatala nthawi zonse. Pezani galimoto msanga ngati kwapitirira mphindi 5, ngati wagwanso asanatsitsimuke, ngati wavulala mutu kapena wapsa, ngati anagwera m'madzi, ngati akuvutika kupuma, ngati ndi woyembekezera, ngati thupi latentha, kapena ngati n'koyamba. Kuchipatala kuli diazepam ndi mankhwala ena oletsa kugwa kotalika, ndipo akaperekedwa msanga amagwira bwino. Amene amagwa usiku ali m'tulo asamagone yekha m'nyumba yokhoma. Pakhale wina woti amve n'kumutembenuza.

Nanga mankhwalawa adzatha liti?

Ena amadzasiya, makamaka amene khunyu inawayamba ali ana. Dokotala amayamba kuiganizira nkhaniyi munthu akatha zaka zosachepera 2 osagwa n'kamodzi komwe, ndipo amayang'ana gwero la matendawo, mtundu wake ndi ntchito imene mumagwira. Akavomera, mlingo umatsitsidwa pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, ndipo phenobarbitone ndi amene amafuna kuchedwa naye kwambiri. Sankhani nyengo yabata, osati pafupi ndi mayeso a MSCE kapena ulendo wautali, ndipo m'miyezi imeneyo bwererani ku malamulo aja a moto, madzi ndi chiwongolero. Mukagwanso, mumabwerera pa mlingo umene unkakugwirani, ndipo ambiri amakhalanso bwino. Amene ali ndi chipsera chachikulu mu ubongo nthawi zambiri amamwa moyo wonse, ndipo kwa iwo funso lokafunsa chaka ndi chaka ndi lakuti kodi mlingo umene ali nawo ukugwirizanabe ndi msinkhu wawo, kulemera kwawo ndi mankhwala ena amene ayamba kumwa.